Chipeso cha Edesi

Anabwera m'basiketi, pa basi yochokera ku Chipata,
pamodzi ndi masutikesi awiri ndi iwe, Edesi,
utavala duku pakati pa Okutobala.
Pamalire anafunsa mapepala ake kuposa ako:
dzina la amake, dzina la abambo ake,
chidindo cha dokotala wa ziweto.
"Ndi wa mtundu wa Perisiya," unatero.
Tinaseka, ife amene sitidziwa
n'chaka chomwe bambo athu anabadwa.

Thonje.
Nkhope ngati anagunda chitseko ali paliwiro,
mphuno yobwerera m'kati,
maso a mtundu wa uchi,
mchira wonga ngayaye.
Sayenda ngati amphaka a kuno kwa Kamwendo,
oonda, a makutu ong'ambika, odziwa denga lililonse.
Iye amasankha popondapo.

A Gelevaziyo, ogula mtedza aja, anadzam'bwereka
kuti akagone mosungira matumba.
M'mawa anam'bweza atam'nyamula ngati khanda:
"Khoswe kudutsa pamphuno pake, iye n'kuyasamula!
Mphaka wanji ameneyu? Ndi bwana uyu."

Unandiphunzitsa uli chigonere.
Yambira kumimba, kumene mfundo zimabisala,
m'khwapa, kuseri kwa makutu.
Usakoke. Gwira patsinde, masula kunsonga.
M'mawa uliwonse kansalu ndi madzi ofunda,
upukute manthongo, misozi yake imadetsa ubweya.
Dzuwa likafika paliwombo m'lowetse,
mphuno imeneyo sipuma bwino kukatentha.
Akasanza kampira ka ubweya usathawe,
ungodziwa kuti wadumphitsa tsiku.
Ine, mwini saluni zaka khumi ndi zinayi,
kuphunzitsidwa kupesa!

Sindinayankhe.
Ndinkayang'ana duku lako
ndi chimene linkabisa:
mutu umene ndinkauluka Loweruka lililonse tili atsikana,
iwe ukulira pakati pa maondo anga,
tsitsi lija lothyola mano a zipeso,
limene mankhwala a kuchipatala chachikulu anakolola
osasiya n'khunkha lomwe.

Unapita mvula yoyamba itangonunkhira.

Masiku atatu sanadye.
Ankakhala pa sutikesi yako, kuyang'ana khomo,
ndipo ine, ndivomere, sindinam'pese sabata yathunthu.
Ubweya unagwirana ngati chiguduli.
Ndinachita kudula ndi sizasi, manja akunjenjemera,
iye ali phee, osandikanda,
osandikhululukiranso.

Tsopano chisoso chakhwima kuseri kwa bafa
ndipo amabwerako atavala njere zake mpaka kumchira.
Ndimatseka saluni, n'kukhala pakhonde,
kuzitola imodziimodzi.
Amayi opita kumjigo amapukusa mitu:
chinyama chosagwira ngakhale mphemvu,
sopo wakewake, mankhwala a utitiri, katemera wa kwa alangizi,
usipa wosankhidwa mchenga,
pamene ana a anthu akupita kusukulu chimimba chili pululu.
Sindiwatsutsa.
Mtengo wa usipa ndine ndimaudziwa.

Koma chipeso chako chachitsulo chikayenda osakodwa
kuyambira pakhosi mpaka kunsonga ya mchira,
kanthu kamayamba kulira m'chifuwa mwake
ngati jenereta ya sitolo yakutali magetsi akazima,
ndipo ndimakamva m'ntchafu zanga
pomwe paja unkatsamiritsa mutu.

Ubweya wotsalira pachipeso ndimausiya pampanda.
Mpheta zimadzautola.
Dzulo mwana wa a Gelevaziyo anakwera mumtengo wa mapeyala
n'kufuula kuti chisa chake n'choyera m'kati,
muli mazira atatu.

Lako, Edesi, sindinasunge n'limodzi lomwe.
Unkalisesa wekha m'mamawa tisanadzuke.

Mawa ndiyambiranso kumimba.
Ndigwira patsinde.
Sindikoka.